Anapereka Ndani? Mbiri ya Thandizo la Ndalama ku Mipingo ya M'Malawi

Pakhoma la tchalitchi cha kwathu, chakumanja kwa khomo lalikulu, anakhomapo kachitsulo kolembedwa m'Chingerezi. Kamatchula mpingo wa kutsidya kwa nyanja umene unatumiza ndalama za malata ndi simenti, chaka chimene nyumbayo inatsegulidwa, ndi mlendo amene anadula riboni. Ndili mwana ndinkakawerenga Lamulungu lililonse podikira belu lachiwiri. Agogo anga aakazi sankadziwa kuwerenga, koma akandipeza pamenepo ankaloza chipupa chonse ndi ndodo yawo n'kumati, "Madzi oumbira njerwa zimenezi tinkatunga ndife kudambo, mitsuko pamutu, tambala asanalire kachiwiri." Kachitsuloko kamanena zoona, agogonso ankanena zoona. Kuti timvetse mmene manja awiriwa anakumanirana, tibwerere kumene nkhaniyi inayambira.

Mu December 1857 David Livingstone anayankhula pa yunivesite ya Cambridge, kupempha kuti anthu apite ku Africa ndi Chikhristu pamodzi ndi malonda abwino, kuti malonda a akapolo athe. Pempholi linabala bungwe la UMCA, limene ndalama zake zinasonkhedwa ndi anthu a mpingo wa Anglican a m'mayunivesite. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861. Kumeneko kunali nkhondo ndi njala, ndipo katundu aliyense ankayenda miyezi asanawapeze. Bwato lina litagubuduzika pamtsinje, mankhwala a malungo anamira, ndipo mu January 1862 bishopuyo anamwalira. Otsalawo sanakhalitse, mishoni inasamukira ku Zanzibar, n'kudzabwereranso kuno, kunyanja yathu, patapita zaka zoposa makumi awiri, pamene inakhazikika pa Likoma mu 1885. Ndalama ku England zinalipo, koma mtunda unali wautali kuposa mkono wa wopereka.

Livingstone atamwalira mu 1873 n'kuikidwa ku London chaka chotsatira, James Stewart wa ku Lovedale, ku South Africa, anauza mpingo wa Free Church of Scotland kuti chikumbutso choyenera munthu ameneyu ndi mishoni kunyanja ya Nyasa. Amene anayankha msanga anali amalonda a mumzinda wa Glasgow, monga James Stevenson, James White ndi James Young. Ndalama zawo zinagula sitima yaing'ono ya Ilala, imene inabwera ili zidutswazidutswa. Pa mathithi a Shire anthu akuno mazanamazana anasenza zitsulozo pamutu, malipiro awo ali nsalu, ndipo pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja. Mishoniyi, yotchedwa Livingstonia, inayamba ku Cape Maclear, malungo atavuta inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako mtsogoleri wake Robert Laws anakwera nayo phiri la Khondowe mu 1894. Mpingo wa Church of Scotland nawo unali utayamba mishoni ya Blantyre mu 1876. Amalonda a ku Glasgow omwe aja anakhazikitsanso mu 1878 kampani yobweretsa katundu, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, imene anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John. Choncho kuyambira pachiyambi thumba la mishoni ndi thumba la malonda zinasokedwa ndi singano imodzi.

Pano ndiime pang'ono pa munthu mmodzi, chifukwa nkhani yake imaonetsa ubwino ndi kuopsa kodalira wopereka wamkulu. John Campbell White, mwana wa James White, amene anadzatchedwa Lord Overtoun, ndiye anali nsanamira ya chuma cha Livingstonia. Sukulu yaikulu ya pa Khondowe inatchedwa Overtoun Institution pomulemekeza. Ndi thandizo lochokera ku Scotland, paphiri paja panafika madzi a m'mipope ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, pa nthawi imene matauni ambiri a chigawo chino ankaunikira nyali. Sukuluyo inaphunzitsa aphunzitsi, abusa, akalipentala, osindikiza mabuku ndi makalaliki amene anakagwira ntchito mpaka ku Northern Rhodesia, Tanganyika ndi ku Joni. Koma ndalamazo zinkachokera kufakitale ya mankhwala a chrome ku Shawfield, pafupi ndi Glasgow, ndipo mu 1899 wandale woimira anthu apantchito, Keir Hardie, anaulula kuti antchito a kumeneko ankagwira maola 12 patsiku, ambiri ngakhale Lamulungu, ndipo fumbi la mankhwalawo linkawaboola mphuno. Amenewonso anapereka ku Livingstonia, ngakhale sanafunsidwe, ndipo ine ndimawawerengera pamodzi ndi agogo anga. Overtoun atamwalira mu 1908, mishoni inayamba kupuma movutikira. Laws anabwerera kwawo mu 1927 koleji imene ankailota isanaoneke, ndipo yunivesite ya Livingstonia inadzatsegulidwa mu 2003.

Tisaganize kuti onse opereka anali akhumutcha. Mbali yaikulu ya ndalama za mishoni inali makobiri a anthu wamba: ana a Sande sukulu, magulu a amayi osoka, akazi amasiye oika pambali kandalama mlungu ndi mlungu. Kwa Akatolika mtsinje umenewu unatumphukira ku Lyon, ku France, kumene mtsikana wina, Pauline Jaricot, anagawa antchito a m'mafakitale a nsalu m'magulu a anthu khumikhumi, aliyense n'kumapereka kakobiri kamodzi pamlungu. Mu 1822 ntchitoyi inasanduka bungwe lofalitsa chikhulupiriro, limene linkathandiza mishoni za Akatolika padziko lonse. Ansembe a Montfort amene anafika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, ndi a White Fathers amene anatsegula Mua mu 1902, Likuni ndi Kachebere mu 1903, ankadalira thandizo lotere, kuphatikizapo zimene abale awo ndi maparishi a kwawo ankawatumizira. Chopereka cha Lamulungu la Mishoni, chimene Akatolika amasonkha mu October mpaka lero, chinakhazikitsidwa ndi Papa Pius XI mu 1926. Ku South Africa nako, mishoni ya Dutch Reformed imene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba ku Mvera mu 1889 poyamba sinkalipiridwa ndi sinodi, koma ndi kagulu ka abusa amene ankatapa m'malipiro awo omwe. Ku Nkhoma inafika mu 1896.

Nanga eni dziko anaika chiyani m'mbale? Choyamba, malo. Mfumu Kapeni inalola amishoni kukhala pamene pali Blantyre lero, Chiwere anawalandira ku Mvera, Mazengera ku Nkhoma. Mafumuwa anali ndi zifukwa zawo, ena pofuna chitetezo ku nkhondo, ena pofuna nsalu ndi sukulu, koma nthaka imene mipingo ili nayo lero, ina yake pakati pa mizinda, ndi chuma choposa ndalama zonse zimene zinabwera pa sitima. Chachiwiri, thukuta. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi David Clement Scott, amene sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo ndi amisiri akuno amene anaphunzira ntchitoyo ikuchitika. Kumidzi, sukulu ya udzu inkamangidwa ndi anthu a m'mudzimo, mphunzitsi ankadya nsima ya m'mudzimo, ndipo mlaliki woyenda wapansi ankagona pamphasa ya Mkhristu mnzake. A Livingstonia ankaumirira kuti makolo alipire fizi ndi kugula okha mabuku, ponena kuti chaulere sichisamalika. Lamuloli linaphunzitsa anthu kupereka, koma linawawanso, makamaka poti anthu omwewo ankafunikanso kupeza msonkho wa nyumba wa boma la atsamunda. Elliot Kamwana atabwera mu 1908 ndi ubatizo wosalipira ndiponso wosadikiritsa zaka m'kalasi, Atonga zikwizikwi anamutsatira.

Panali munthu wina amene anaona msanga kuti mishoni yodikira kalata ya ndalama kuchokera ku Ulaya idzakhala yomangika miyendo. Joseph Booth anafika mu 1892 n'kuyamba Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Nzeru yake inali yakuti mishoni izilima khofi, phindu lake lizilipira ntchito ya Mulungu ndi kubala mishoni ina. Kwa zaka zochepa zinkaoneka ngati zitheka, koma mitengo ya khofi inagwa, matenda a mbewu anavuta, ndipo minda inalephera kusenza katundu amene anaisenzetsa. Mishoni ina imene Booth anayamba ku Thyolo ndi ndalama za a Seventh Day Baptist a ku America inagulitsidwa kwa a Seventh-day Adventist mu 1902, ndipo ndiyo Malamulo imene tikuidziwa lero.

Wantchito wa Booth, John Chilembwe, anapita naye ku America mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwerera mu 1900 kudzayamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Thandizo lake linkachokera ku National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda a ku America, ana ndi adzukulu a akapolo, amene nawonso analibe zambiri. Anatumiza ndalama, anatumizanso anthu, Landon Cheek ndi Emma DeLany, amene anagwira ntchito ku Mbombwe zaka zingapo. Ndalamazo zinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo Chilembwe anavutika ndi ngongole, komabe iye ndi anthu ake anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinatha cha m'ma 1913. Itatha nkhondo yake ya mu January 1915, boma linachiphwasula ndi zophulitsira miyala. Mishoni inakhala yotseka mpaka 1926, pamene mpingo womwewo wa ku America unatumiza Dr Daniel Malekebu, amene anaphunzira ali mwana pa Mbombwe pomwepo, kudzaitsegulanso. Pa mathandizo onse a m'mbiri yathu, ili limandikhudza mwapadera, chifukwa anali osauka kuthandiza osauka anzawo, ndipo sanatope ngakhale nyumba imene anathandiza kumanga itagwetsedwa.

Boma la atsamunda linalowa mochedwa ndiponso ndi dzanja louma. Kwa zaka zoposa makumi atatu maphunziro onse anali pamutu pa mipingo. Cha m'ma 1907 boma linayamba kupereka mapaundi 1,000 pachaka kuti mishoni zigawane, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi sukulu mazanamazana zimene zinalipo. Gulu loona za maphunziro la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924, boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo thandizo linayamba kukula, koma walira mvula walira matope. Sukulu yofuna ndalama za boma inkayenera kukhala ndi mphunzitsi wa satifiketi, kutsatira silabasi ya boma ndi kulandira woyendera sukulu. Kuyambira pamenepo sukulu za mishoni zinagawika pawiri, zothandizidwa ndi zosathandizidwa, ndipo mipingo inayamba kupikisana polimbirana midzi ndi ana. Masekondale oyamba, Blantyre Secondary School mu 1940 ndi Zomba Catholic mu 1942, anabadwa mwa mgwirizano womwewu wa mpingo ndi boma, umene ulipobe m'masekondale a mipingo othandizidwa ndi boma.

Ufulu wa dziko utayandikira, amishoni anayamba kupereka makiyi kwa eni dziko. Mpingo wa CCAP unali utapangidwa kale mu 1924 ndi Livingstonia ndi Blantyre, Nkhoma n'kulowamo mu 1926, koma chuma ndi nyumba zinali zidakali m'manja mwa makhonsolo a amishoni. Ku Nkhoma mishoni inapereka zonse kwa sinodi mu 1962. Apa mpamene katundu anaoneka kulemera kwake. Mpingo wa alimi a chimanga ndi mtedza unalandira zipatala, makoleji, nyumba zosindikizira mabuku ndi magalimoto zimene zinamangidwa pa muyeso wa thumba la ku Edinburgh ndi Cape Town. Chopereka cha Lamulungu chinkatha kudyetsa mbusa, koma kugula mankhwala a chipatala chonse chinkaperewera kutalitali.

Mwayi unali wakuti nthawi yomweyo ku Ulaya kunkabadwa mabungwe a mtundu watsopano. Akatolika a ku Germany anakhazikitsa Misereor mu 1958, Apulotesitanti a komweko anayamba Brot für die Welt mu 1959, ndipo ku Britain kunali Christian Aid. Awa cholinga chawo chinali chitukuko, osati kulipira alaliki. Kuti alandire ndi kuyendetsa bwino thandizoli, mipingo ya kuno inayamba kugwirana manja mosayang'ana kuti uyu ndi wa Roma, uyu ndi wa CCAP. Mu 1966 inapanga bungwe la zipatala za mipingo, PHAM, limene kuyambira 1992 limatchedwa CHAM, ndipo mu 1968 kunabadwa Christian Service Committee, imene inakumba zitsime ndi kumanga sukulu ndi milatho m'maboma ambiri. Ansembe ndi abusa amene makolo awo ankalimbirana ana a sukulu anayamba kukhalira tebulo limodzi.

Koma funso lakale lija la kudalira ndalama zakunja silinafe. Mu 1971 mbusa wa ku Kenya, John Gatu, ali ku America, ananena poyera kuti mipingo ya kunja iyambe yaleka kutumiza amishonale ndi ndalama ku Africa kwa zaka zisanu, kuti mipingo ya kuno idziwe mphamvu zake. Msonkhano wa mipingo ya mu Africa umene unachitikira ku Lusaka mu 1974 unagwirizana ndi ganizoli, ngakhale kuti ndi mipingo yochepa imene inalimba mtima kulichita. Kuno kwathu Bishopu Patrick Kalilombe wa dayosizi ya Lilongwe anayendetsa sinodi yaing'ono kuyambira 1973 mpaka 1975, yophunzitsa kuti mpingo uzidzitumikira, uzidzifalitsa ndi kudzidalira pa chuma. Mmenemo ndi mmene munamera miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana topemphera pamodzi, kuyendera odwala, kuthandiza pamaliro ndi kutolera mtulo. Boma la nthawi imeneyo linakayikira timaguluti, ndipo Kalilombe anachoka m'dziko mu 1976, koma miphakati inatsala, ndipo lero ndiyo msana wa parishi iliyonse. Ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo mphatso yaikulu imene mpingo wa m'Malawi unadzipatsa wokha.

Zaka zotsatira zinabweretsa mavuto oposa msinkhu wa mpingo uliwonse. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ku Nsanje, Mulanje, Dedza, Ntcheu ndi kwina. Edzi inadzaza zipatala ndi kusiya ana amasiye pafupifupi m'banja lililonse. Pamenepa palibe amene akanati thandizo lakunja liime, ndipo amene anaona wodwala akudzuka pamphasa mankhwala a ma ARV atafika sanganyoze ndalama zimenezi. Kunabweranso maubale a mpingo ndi mpingo, monga wa Sinodi ya Blantyre ndi Presbytery ya Pittsburgh ku America, umene unayamba mu 1991, ndipo ubale wakale ndi Scotland unalimbikitsidwanso pamene maboma awiriwa anasainirana pangano mu 2005. Boma la Malawi nalo linavomera kuti zipatala za mishoni zimagwira ntchito ya boma. Pa mgwirizano wa 2002 limalipira malipiro a ogwira ntchito m'zipatala za CHAM, ndipo kuyambira cha m'ma 2006 limapangana ndi zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa osalipira, boma n'kumabweza ndalamazo. Zipatala ndi tizipatala ta CHAM n'zoposa 170, ndipo zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi kumene chipatala cha boma chili kutali.

Masiku ano thandizo limayenda ndi mapepala. Mpingo wofuna mjigo, sukulu ya mkombaphala kapena nyumba yodikirirako amayi apakati umalemba pulopozo, kuikamo bajeti, kutsegula akaunti kubanki ya osainira atatu, ndi kulonjeza malipoti ndi malisiti. Kawirikawiri pempho limadzera ku sinodi kapena ku dayosizi, kumene kuli maofesi achitukuko monga CADECOM kwa Akatolika. Opereka ambiri amafuna mpingo uyambe waonetsa mbali yake, njerwa, mchenga, miyala ndi manja, iwo n'kudzaonjezera simenti ndi malata. Ambirinso amathandiza zaumoyo, ulimi ndi maphunziro, koma malipiro a mbusa ndi bilu ya magetsi a m'tchalitchi amazisiyira eni mpingo. Ndi mabungwe ochepa, monga Missio ndi Aid to the Church in Need, amene amathandiza ntchito za uzimu zenizeni, monga kuphunzitsa ofuna unsembe ndi kugula njinga za akatekisiti.

Ndinaonapo ndi maso anga mbali zonse ziwiri. Mpingo wina umene ndinkapempherako unalandira chigayo kuchokera kwa abale a kunja. Tsiku lotsegulira kwaya inaimba, amayi anavala yunifolomu, alendo anajambula zithunzi. Palibe amene anafunsa kuti ndalama za masefa ndi malamba zizisungidwa kuti, kapena kuti kope la ndalama aziliwerenga ndani. Pasanathe zaka ziwiri injini inaima, komiti inagawikana, mabanja ena anasiya kupereka moni kwa anzawo, ndipo anthu ambiri anachepetsa chopereka poganiza kuti mpingo tsopano uli ndi azungu ake. Pamtunda wa makilomita ochepa, mpingo wina unalandira mjigo, unasankha amayi kuti azitolera kandalama pakhomo lililonse mwezi ndi mwezi, ndipo msungichuma ankawerenga malisiti pamaso pa onse mapemphero akatha. Mjigowo ukutulutsabe madzi. Opereka onse awiri anali ndi mtima wabwino; kusiyana kunali kwa ife olandira.

Mlendo ndi mame, anatero akale, ndipo zaka zaposachedwapa zatikumbutsa zimenezi. Matchalitchi ambiri a ku Ulaya amene ankatuma ndalama akutsekedwa chifukwa chosowa anthu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya simenti ndi mankhwala n'kukwera. Kumayambiriro a 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri lakunja, ndipo mapulojekiti ena odzera m'mipingo anaima pomwepo. Komabe namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu mu March 2023, matchalitchi ndi sukulu ndiwo anasanduka pothawira, ndipo ufa, zovala ndi ndiwo zoyamba zinachokera kwa Akhristu ndi Asilamu akuno, magalimoto a mabungwe asanapeze njira. Chakhumi, mtulo, mapuleji, masika ndi Pepala Sande zikumanga matchalitchi a malata m'matauni ndi m'midzi, ndipo ana a mpingo amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain amatumiza yawo pafoni.

Tsono inu akulu a mpingo, ansembe ndi abusa amene mukulemba pulopozo chaka chino, lembani ndithu, ndipo thandizo likabwera mulilandire ndi manja awiri. Koma musanasaine, imirirani pamaso pa mpingo, munene kuti zabwera zingati, zigwira ntchito yanji, ndipo wokonza chinthucho chikadzawonongeka adzakhala ndani. Ndipo pokalembetsa kachitsulo kokhoma pakhoma, muuze mmisiriyo asiye mizere ingapo pansi pa dzina la wopereka wakunja, alembepo m'Chichewa mayina a midzi, miphakati ndi magulu a amayi amene anaumba njerwa ndi kutunga madzi.